Ndiwaimike bwanji akwati ndi operekeza, anthu 20, dzuwa lili paliwombo?

Wophunzira wa ku Chilomoni

Ndikupereka moni kwa inu nonse amene mumagwira ntchito yojambula zithunzi, ndiponso kwa amene munakhalapo m'makomiti a maukwati. Ndakhala ndikujambula kwa zaka ziwiri, koma zambiri zakhala zithunzi za munthu mmodzimmodzi, za ana pa tsiku lokumbukira kubadwa kwawo, ndi za ophunzira polandira masitifiketi. Tsopano msuweni wanga akumanga ukwati Loweruka lomaliza la mwezi wa Okutobala kuno ku Blantyre, ndipo komiti yandipatsa ntchito yojambula tsiku lonse chifukwa ndalama zolembera wojambula wodziwika zaperewera. Ndinavomera mosaganizira kawiri, koma pamene tsiku likuyandikira tulo sindikutiona.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi zithunzi za gulu. Pali mkwati ndi mkwatibwi, bestimani ndi mtsikana wamkulu wa operekeza, anyamata 6, atsikana 6, ndi ana anayi onyamula maluwa ndi mphete. Onse pamodzi ndi anthu 20, osawerengera makolo, ankhoswe ndi achibale. Munthu akakhala mmodzi ndimatha kumuuza kuti atembenuke pang'ono kapena atsitse chibwano, koma gulu limandisokoneza mutu. Mwezi wathawu ndinapita kukathandiza mnzanga pa ukwati wina, ndipo chithunzi cha operekeza chimene ndinajambula chinandichititsa manyazi. Onse anaima pa mzere umodzi wowongoka ngati timu ya mpira masewero asanayambe, anyamata atagwira manja kutsogolo, awiri ataphethira, maso a onse ali bii ndi mthunzi, deresi la mkwatibwi litangoyera mbuu mosaoneka ndi ulusi womwe.

Ndondomeko ya tsikulo ndi iyi: mwambo wa m'tchalitchi uyamba 8:30 m'mawa ndipo tikuyembekeza kutuluka cha m'ma 10:30, kujambula kutha 12:30, ndipo madyerero ayamba 1:30 masana. Ndili ndi kamera ya Canon, lenzi ya 18-55mm imene inabwera ndi kamerayo, ina ya 50mm, ndi fulashi imodzi. Ndikupempha mundithandize kaimikidwe ka anthu amenewa kuti asaoneke ouma, chochita ndi manja awo, ndiponso amene ndiyenera kuyamba nawo.

Wojambula wa ku Limbe

Achimwene, musanaganize za manja a anthu, yambani mwaganiza za dzuwa, chifukwa maola awiri amene akupatsaniwo ndiwo oipitsitsa pa tsiku lonse. Kumapeto kwa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limadutsa pamwamba penipeni pa Blantyre, ndipo limafika paliwombo nthawi isanakwane 11:30, osati 12 koloko monga ambiri amaganizira. Kuwala kukamachokera pamwamba chotere, mphumi imaphimba maso, mphuno imaponya mthunzi pamilomo, ndipo aliyense amakwinya nkhope. Ngakhale mutawaimika mwaluso lotani, pa dzuwa limenelo chithunzi sichingakome. Ukanakhala ukwati wa mu Juni kapena Julayi, chiperoni chikanakugwirirani theka la ntchito, koma mu Okutobala mthunzi muyenera kuufunafuna nokha.

Pitani kumalo ojambulirako Loweruka, kutatsala sabata imodzi kuti ukwatiwo uchitike, pa ola lomwelo, mukaone pamene pali mthunzi wodzaza wokwana anthu 20. Khonde lalitali, mbali ya nyumba yaitali, kapena mtengo wa masamba othithikana ngati wa mango, zonsezi n'zabwino. Muwaimike m'mphepete mwa mthunziwo, nkhope zitayang'ana kumene kuli thambo loyera, kuti kuwala kuwalowe m'maso. Chenjerani ndi mitengo ya jakaranda. Nyengo imeneyi imakhala itachita maluwa ake okongola aja, ndipo atsikana adzakukakamizani kuti muwajambule pansi pake, koma mtengowo ukamachita maluwa umakhala ndi masamba ochepa, choncho mthunzi wake ndi wamawangamawanga ndipo nkhope zimatuluka ngati nthenga za nkhanga. Jakaranda ikhale kumbuyo kwawo, patali, iwo ataima pamthunzi wina.

Tsopano za kaimikidwe. Gulu silimangidwa kuyambira kumapeto ayi, limamangidwa kuyambira pakati. Imikani akwati awiriwo poyamba, anthu ena onse ali pambali. Asayang'anitse zifuwa zawo ku kamera, koma atembenukirane pang'ono, ziuno zitagundana, dzanja la mkwati lili kumsana kwa mkwatibwi m'munsi. Mukakhutira nawo, auzeni kuti asasunthenso, kenako muitane bestimani ndi mtsikana wamkulu, ndipo ena onse muziwawonjezera awiriawiri, wina kumanja wina kumanzere. Aliyense atembenuzire thupi kwa akwati, pafupifupi madigiri 45, nkhope yokha ndiyo ibwerere kwa inu. Thupi lotembenuka chotere limatenga malo ochepa, mapewa amalowana, ndipo maso a woona chithunzi amatsetsereka okha kupita pakati. Muwauzenso kuti kulemera kwa thupi kukhale pa mwendo wakumbuyo. Munthu akaima ndi miyendo yonse iwiri mofanana amaoneka ngati msilikali pa perete, koma akatsamira mwendo wakumbuyo, bondo lakutsogolo limapindika lokha ndipo mapewa amamasuka.

Mzere umodzi wowongoka umene unakuchititsani manyazi uja ndi wosavuta kuuphwanya. Bwerekani mipando inayi kapena benchi, mukhazike anthu anayi, ena aime kumbuyo kwawo, ana akhale kutsogolo pansi. Ngati pali masitepe agwiritseni ntchito. Chimene mukufuna n'chakuti mitu isakhale pa msinkhu umodzi: wina m'mwamba, wina m'munsi, mutu wa wakumbuyo uli pampata wa mitu iwiri yakutsogolo. Ine ndimawauza mawu amodzi okha, akuti aliyense ayenera kuona lenzi yanga ndi maso onse awiri, ndipo amene akuiona ndi diso limodzi adziwe kuti theka la nkhope yake labisika. Akamva zimenezi amadzisuntha okha, ndipo inu simuvutika kuitana munthu mmodzimmodzi.

Anyamata ndi amene amavuta pa nkhani ya manja. Mukawasiya, onse amagwira manja kutsogolo ngati akutchinga mpira. Apatseni chochita chosiyanasiyana: wina aike dzanja limodzi m'thumba la buluku chala chachikulu chili kunja, wina agwire batani la jekete, wina aike dzanja paphewa la mnzake amene wakhala pampando. Jekete la mabatani awiri amamanga lapamwamba lokha, ndipo wokhala pansi amamasula onse kuti jekete lisatukumuke pachifuwa. Musanayambe, yendani ndi kachikwama mutolere mafoni, makiyi ndi zikwama za ndalama, chifukwa thumba lotupa limaoneka kwambiri pa buluku la suti kuposa mmene mungaganizire. Onaninso matayi. Tayi yokhota simungathe kuiwongola bwino pa kompyuta, pamene ndi dzanja ndi ntchito ya masekondi awiri.

Pa kamera, lenzi ya 50mm isungireni akwati awiri okha. Ya gulu mugwiritse ya 18-55mm, koma muiike cha pa 30mm kapena 35mm ndipo mubwerere m'mbuyo ndi miyendo yanu. Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira. Pa ukwati wina malo anali opanikiza, ndinaima pafupi n'kuika pa 18mm, ndipo mtsikana amene anali kumapeto kwa mzere anatuluka wotambalala ngati anthu awiri. Atachiona chithunzicho pa WhatsApp anandiimbira foni akulira, ndipo analibe mlandu, wolakwa ndinali ine. Lenzi yotambalala imakoka zimene zili m'mphepete, choncho siyani mpata mbali zonse ziwiri, umenenso udzakuthandizani potsukitsa zithunzi za m'fulemu chifukwa kumeneko amadula m'mbali. Mizere ikakhala iwiri kapena itatu, aperture (kabowo kolowera kuwala mu lenzi) ikhale pa f/5.6 mpaka f/8 kuti akumbuyo asazimirire, ndipo shutter (liwiro limene kamera imatsekulira ndi kutseka pojambula) isatsike pansi pa 1/200 ya sekondi. Ngati mukuwonjezera fulashi kuti maso awale, kumbukirani kuti makamera ambiri a mtundu wanuwo salola kupitirira 1/200 fulashi ili yoyaka, pokhapokha fulashiyo ikhale yapadera.

Deresi loyera pambali pa khungu lakuda ndi suti yakuda ndi mayeso aakulu a kamera iliyonse. Jambulani mu RAW (mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yaona), yatsani chenjezo lija limene limaphethiraphethira pamalo owala mopitirira, ndipo mutsitse kuwala mpaka deresi lisiye kuphethira. Nkhope zikada pang'ono mudzazikweza pa kompyuta, koma ulusi wa deresi ukapsa ndi kuwala sudzabwereranso. Ichi ndi chifukwa china chimene ndikulimbikira za mthunzi, popeza pamthunzi kusiyana kwa deresi ndi nkhope kumachepa.

Za kuphethira, pa anthu 20 wina ayenera kuphethira ndithu, choncho gulu lililonse lijambuleni kasanu kapena kasanu n'kamodzi musanalimasule. Ine ndimawauza kuti atsinzine onse, ndiwerenge mpaka katatu, ndiyeno atsegule. Mukatha zoima, auzeni agwirane mikono ayende pang'onopang'ono kubwera kwa inu, akuyang'anana ndi kucheza, shutter ili pa 1/500. Nthawi zambiri chithunzi chimene akwati amachikonda chimachokera pamenepa.

Telala wa ku Ndirande

Bambo a ku Limbe anena zambiri zothandiza, ndipo ine ndingowonjezera za mbali ya atsikana, chifukwa ndasoka maderesi a akwatibwi kwa zaka zambiri ndipo kawirikawiri ndimapita nawo kojambulitsa kukayang'anira chovala changa. Mchimwene wanga, chinthu choyamba chimene muyenera kudziwa n'chakuti mkwatibwi amakhala atadzuka usiku kukakonzedwa tsitsi ndi nkhope, sanadye mokwanira, ndipo wavala nsalu zolemera m'kati mwa kutentha kwa Okutobala. Mukamuimika kwa mphindi khumi mukukonza anyamata, pofika nthawi yojambula nkhope yake idzakhala itagwa. Apa ndisiyana pang'ono ndi Bambo a ku Limbe. Muwaimike akwati poyamba kuti mudziwe malo awo, inde, koma kenako mkwatibwi akhale pampando pamthunzi, amwe madzi, ndipo abwerere pamalo pake onse atakonzeka.

Maluwa ndiwo amaononga zithunzi zambiri. Mtsikana akachita manyazi amakweza maluwa mpaka pachifuwa, nthawi zina mpaka pachibwano, ndipo ntchito yonse ya mikanda ndi zingwe imene tasoka pamwamba pa deresi imabisika. Auzeni kuti manja akhale pamchombo kapena m'munsi pang'ono, maluwa atawerama kuyang'ana kwa inu kuti tione maluwawo osati mapesi, ndipo onse akhale pa msinkhu wofanana. Zigongono zisakanikize nthiti. Mkono ukakanikizidwa kuthupi umaphwatalala n'kuoneka waukulu, koma pakakhala kampata kakang'ono pakati pa chigongono ndi chiuno, chiuno chimaoneka ndipo mkono umachepa. Mawu akuti "mwanenepa mbali iyi" asatuluke m'kamwa mwanu ngakhale mwanthabwala. Ingonenani kuti atembenuke pang'ono, ndipo akatero muwayamikire.

Ndipo chonde musawagwire. Ojambula ena ali ndi chizolowezi chogwira mtsikana m'chiuno kapena pachibwano pomukonza, ndipo ngakhale sakhala ndi cholinga choipa, mtsikanayo amauma thupi lonse, mkwati nayenso nkhope imasintha. Muonetseni ndi thupi lanu mmene mukufunira kuti aimire. Mwamuna wamkulu akamayesezera kugwira maluwa n'kupinda bondo, atsikana amaseka, ndipo kuseka kumeneko ndiko mukukufuna. Pamene pakufunika dzanja, monga kukonza velo kapena tsitsi, pemphani mtsikana wamkulu wa operekeza, ndiyo ntchito yake.

Mchira wa deresi umakonzedwa pomalizira penipeni, aliyense ataima pamalo pake. Mtsikana wamkulu augwire m'mphepete ndi manja awiri, aukweze, auponye pang'ono kuti mphepo ilowe pansi, ndipo ugwa wokha mozungulira bwino. Pa chithunzi cha gulu muukokere kutsogolo ndi pambali, chifukwa ukakhala kumbuyo suoneka ndipo anyamata amauponda. Mwezi umenewu kapinga amakhala atauma m'malo ambiri ndipo fumbi lofiira lili ponseponse, tsono tengani nsalu yoyera ya pabedi muiyale pansi pa deresi mobisa. Kumene kapinga amathiriridwa kuli vuto lina: nsapato za gogoda zimamira m'nthaka, atsikana n'kuyamba kupendekera kumbuyo. Auzeni aimire kuzala, kapena muwaimike pa njira ya simenti.

Thukuta musalipeputse. Khungu lathu likatuluka thukuta ndi mafuta limanyezimira pamphumi ndi pamphuno, ndipo fulashi imawonjezera kunyezimirako. Mtsikana wamkulu akhale ndi tishu, ndipo azigunditsa pankhope modekha, osapukuta, kuti zodzola zisachoke. Njira yotsinzina ija inenso ndinaiona ikugwira ntchito kwa anyamata, koma atsikana amene amatidwa nsidze zoikirira amatsegula maso mochedwa kapena kuwatong'ola kwambiri. Kwa iwo n'kwabwino kuwauza kuti ayang'ane pansi pa maluwa awo, kenako akweze maso pang'onopang'ono.

Ana anayi aja ajambuleni msanga, ndipo musawauze kuti amwetulire chifukwa adzakuonetsani mano okhaokha. Mayi wa mwana aime kumbuyo kwanu kwenikweni, osati pambali, kuti mwana akamayang'ana mayi wake akhale akuyang'ana kamera. Mukatha nawo amasuleni akadye, musadikire kuti alire.

Chomaliza n'chakuti operekeza amakhala atagawidwa awiriawiri malinga ndi mmene azidzavinira polowa mu holo, ndipo amaganiza kuti pa chithunzi ayeneranso kuima choncho. Sikofunika. Mtsikana wamfupi kwambiri akaima pambali pa mnyamata wamtali kwambiri, asinthanitseni popanda kufunsa komiti.

Nkhoswe wa ku Zomba

Mwana wanga, ine za malenzi sindizidziwa, koma ndakhala nkhoswe pa maukwati angapo a ana a alongo anga, ndipo ndaona zimene zimatsala m'nyumba zaka zikapita. Funso lanu lomaliza, lakuti muyambe ndi yani, ndilo lalikulu kuposa onse, ndipo ndikuona kuti anzangawa alidutsa mofulumira. Muyambe ndi akuluakulu, ndipo muwajambule pa tchalitchi pomwepo anthu asanakwere magalimoto. Operekeza ndi achinyamata, adzakutsatirani kulikonse kumene mungapite. Agogo amene abwera pa minibasi kuchokera kumudzi sadzapita nawo kumalo a maluwa, adzapita kukapuma, ndipo ku holo mudzawapeza atakhala pakona m'kati mwa phokoso la perekaniperekani, pamene simungathenso kuwasonkhanitsa.

Ndikunena izi chifukwa zinatichitikira. Pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga tinalemba mnyamata waluso ndithu, ndipo alubamu inabwera yokongola: operekeza akudumpha m'mwamba, anyamata atanyamula mkwati, atsikana atabisa nkhope ndi maluwa. Titafika tsamba lomaliza tinazindikira kuti munalibe chithunzi ngakhale chimodzi cha akwati ali ndi azakhali amene analera mkwatiyo makolo ake atamwalira. Mnyamatayo anaitana "makolo a mkwati", azakhaliwo anachita manyazi kudzuka popeza sanali mayi womubereka, ndipo panalibe amene anawakoka dzanja. Mvula yotsatira isanagwe anatisiya. Wojambulayo sanalakwe mwadala, iye sankawadziwa.

Inu muli ndi mwayi chifukwa mbali imodzi ndi abale anu, koma mbali inayo simukuidziwa. Pitani kwa ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi sabata ya ukwati isanafike, mukhale nawo pansi, mulembe magulu onse papepala ndi maina a anthu ake. Afunseni ngati pali makolo amene anasiyana, ngati pali mayi kapena bambo wopeza, ngati pali amene sayenera kuimikidwa moyandikana, ndi amene akuimira kholo limene linamwalira. Mbali iliyonse ikupatseni munthu mmodzi wodziwa achibale onse, wa mawu omveka koma waulemu, kuti ndiye aziitana. Inu musaitane munthu wamkulu ndi chala, kapena kunena kuti "inu a chipewa, sunthani". Mukapanda kudziwa dzina, "Bambo", "Amayi" kapena "Agogo" n'zokwanira, ndipo muwayandikire polankhula m'malo mokuwa muli patali.

Pa chithunzi chenichenicho, akuluakulu akhale pamipando kutsogolo, achinyamata aime kumbuyo. Si bwino kuti gogo aimirire mdzukulu wake wa zaka 20 atakhala. Abale a mkwati akhale mbali ya mkwati, a mkwatibwi mbali ya mkwatibwi, ndipo ankhoswe akhale ndi chithunzi chawochawo ndi akwati, chifukwa ndiwo mboni za banjali ndipo tsiku lina mavuto akadzabwera, ana amenewa adzathamangira kwa iwo. Ngati banja lasoketsa chitenje chofanana, sonkhanitsani onse ovala chitenjecho pa chithunzi chimodzi, popeza anthu amataya ndalama zawo pa nsalu imeneyo kuti aoneke kuti ndi amodzi.

Pali zinthu zina zimene mumaona pa intaneti zimene siziyenera pamaso pa makolo. Musamuuze mkamwini kuti akumbatire apongozi ake aakazi kapena kuwaika dzanja paphewa. M'mabanja ambiri, makamaka ochokera kumudzi, mkamwini ndi apongozi amapatsana ulemu wa patali, ndipo mukawakakamiza onse awiri adzaoneka ozunzika. Pakati pawo paime mkwatibwi. Zopsompsonana nazonso zidikire mpaka mutakhala ndi akwati ndi anzawo okhaokha. Komanso munthu wamkulu akapanda kumwetulira, musamuvutitse. Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti pa chithunzi munthu amakhala mwaulemu, manja pamawondo, ndipo nkhope yodekhayo ndiyo imene ana athu amaidziwa. Ngati mukufuna chithunzi chamoyo, khalani tcheru pamene mkwatibwi akugwada kupereka moni kwa agogo ake, kapena pamene azakhali akuimba nthungululu potuluka m'tchalitchi. Zimenezo palibe amene angazikonze.

Musaiwalenso kukaonana ndi abusa kapena ansembe mwambo usanayambe, muwafunse pamene mukuloledwa kuima ndi ngati fulashi ikuloledwa. Muwapemphe kuti chithunzi chawo ndi akwati chikhale choyamba potuluka, chifukwa Loweruka m'nyengo ino amatha kukhala ndi ukwati wina ukudikira pakhomo.

Wojambula wa ku Limbe

Bambo a ku Zomba, mwandikonza bwino, ndipo ndikuvomera kuti ife ojambula timathamangira zithunzi zimene zingatikometsere tsamba la Facebook n'kuiwala eniake ukwati. Amayi a ku Ndirande, za kukhazika mkwatibwi pansi ndazilandiranso, ngakhale ndingapemphe kuti mkwati yekha asachoke pamalo pake kuti pakati pasasokonekere.

Achimwene, kuti malangizo a Bambowa atheke, muwerengere nthawi. Gulu lililonse la achibale limadya pafupifupi mphindi zitatu ngati woitana akugwira bwino ntchito yake, choncho magulu khumi ndi theka la ola. Musapitirire pamenepo. Yambani ndi gulu lalikulu la mbali imodzi, kenako muzichotsa anthu pang'onopang'ono mpaka patsale makolo okha, chifukwa kuchotsa munthu n'kwachangu kuposa kumufunafuna. Akwati asasunthe, mipando isasunthe, azisintha ndi anthu okha. Okhala pamipando akhale chakutsogolo kwa mpando, msana utawongoka, ndipo oima kumbuyo ayandikire mpaka kugunda mipandoyo kuti nkhope zonse zikhale pa mtunda wofanana kuchokera kwa inu. Wovala magalasi atsitse chibwano pang'ono kuti fulashi isawalire m'magalasimo.

Mdani wanu wamkulu pa tchalitchi adzakhala mafoni a alendo. Anthu khumi akaima pambali panu aliyense ndi foni yake, maso a gulu amabalalika, wina kuyang'ana kumanja wina kumanzere. Musakangane nawo. Lengezani mwaulemu kuti mujambula inu poyamba, ndipo mukatha muwapatsa mphindi imodzi, ndipo mukwaniritse lonjezolo.

Pomaliza, kambiranani ndi wotsogolera mwambo wa ku holo kuti akubwerekeni akwati kwa mphindi khumi cha m'ma 5 koloko. Nyengo imeneyo dzuwa limalowa cha m'ma 5:45, ndipo kuwala kwa ola lomalizalo n'kofewa. Aimikeni dzuwa lili kumbuyo kwawo kuti velo iwale m'mphepete, muike lenzi ya 50mm pa f/2.8, mphumi zawo zigundane, ndipo muwasiye alankhulane. Komiti ingakane poopa kuti ndalama za perekaniperekani zichepa akwati akatuluka, tsono pemphani nthawi imene akuwerenga ndalama kapena pamene mwambo wangotha.

Wophunzira wa ku Chilomoni

Zikomo kwambiri Bambo a ku Limbe, Amayi a ku Ndirande ndi Bambo a ku Zomba. Dzulo ndinapita ku tchalitchi chathu nthawi ya 10:30 ndi mng'ono wanga kuti ndimuyesere. Masitepe a kukhomo lalikulu, amene ndinkawadalira, ali padzuwa lokhalokha, ndipo mng'ono wangayo sanathe ngakhale kutsegula maso. Kuseri kwa nyumba ya Sande sukulu ndapezako khonde lalitali ndi mtengo wa mango pambali pake, ndipo mthunzi wake unakhalapo mpaka nditachoka 12 koloko. Ndapempha mabenchi awiri kwa akulu a mpingo ndipo avomera. Chifukwa cha zimenezi ndauza komiti kuti zithunzi za achibale ndi za operekeza tijambulire pomwepo, m'malo mothera theka la ola pa mdipiti wa magalimoto kupita kwina.

Ndinakhalanso pansi ndi amalume, amene ndi nkhoswe ya mbali yathu, ndipo talemba magulu asanu ndi limodzi. Pokambirana ndinamva chinthu chimene sindinkachidziwa, chakuti bambo ake a mkwatibwi anamwalira ndipo amene adzamuperekeze ndi atsibweni ake ochokera ku Ntcheu. Ndikanaitana "bambo a mkwatibwi" pamaso pa anthu ndikanalakwa kwambiri. Ankhoswe a kuchikazi ndikumana nawo Lachitatu madzulo.

Amayi a ku Ndirande, ndatsala ndi funso limodzi kwa inu. Maderesi a atsikana operekeza ndi obiriwira, ndipo kumbuyo kwa khonde lija kuli mpanda wa maluwa wobiriwiranso, pamene mbali inayo kuli khoma la njerwa zofiira limene lili ndi zenera losweka. Ndikuganiza zosankha khomalo n'kuimika anyamata aatali awiri kutsogolo kwa zeneralo, koma ngati mukuona kuti njerwa zofiira zilimbana ndi mtundu wa nsaluyo, mundiuze Loweruka lisanafike.